Pulinta ya mu ofesi: mafunso ndi mayankho pa chilankhulo chimene imamva ndi njira imene ntchito imadutsa

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuitanidwa m'maofesi a mumzinda wa Lilongwe, ku City Centre, ku Old Town, ku Area 47 mpaka ku Kanengo, kukaona pulinta imene eni ake akuti yafa. Nthawi zambiri ndikafika ndimapeza kuti makinawo ali bwinobwino, tona (inki yaufa ya pulinta) ilimo, mapepala alimo, koma kompyuta ndi pulinta zasiya kumvana. Chimene chalakwika chimakhala chimodzi mwa zitatu: chilankhulo chimene kompyuta ikutumiza, njira imene ntchito ikudutsa, kapena adiresi ya pulinta pa netiweki. Zimandipweteka kuona ofesi ikutaya ndalama pogula makina atsopano pamene akalewo adangofunika kusinthidwa mzere umodzi, n'chifukwa chake ndasonkhanitsa pano mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri.

Kodi zikutanthauzanji kunena kuti pulinta ili ndi chilankhulo?

Mukadina batani losindikiza, kompyuta situmiza kalata yanu monga momwe mukuionera pagalasi. Pakati pa pulogalamu imene mwalemberamo ndi pulinta pali pulogalamu ina yaing'ono imene amisiri amaitcha dalaivala, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya womasulira m'khoti: amatenga tsamba lanu n'kulisandutsa malangizo amene pulinta ingathe kuwatsata. Malangizowo amanena kukula kwa pepala, thireyi yotengamo pepalalo, malo amene chilembo chilichonse chikhale, makulidwe a mizere, ndiponso ngati pepala lisindikizidwe mbali zonse ziwiri. Dongosolo lolembera malangizo amenewa ndilo chilankhulo cha pulinta. M'kati mwa pulinta ya mu ofesi muli kakompyuta kakang'ono kokhala ndi memore yakeyake, kamene kamawerenga malangizowo n'kuwasandutsa timadontho, nthawi zambiri 600 pa inchi iliyonse, tisanagwere papepala. Ngati womasulira alankhula chilankhulo chimene kakompyutako sikadziwa, ntchito imatayika kapena imatuluka yosawerengeka.

Pa dalaivala palembedwa PCL 5, PCL 6 ndi PS. Kusiyana kwake n'kotani, ndipo ndisankhe uti?

Funso ili ndi limene ndimafunsidwa koposa onse, ndipo liyenera yankho lalitali.

PCL ndi chilankhulo cha kampani ya HP, ndipo chidafala ndi pulinta ya LaserJet yoyamba, imene idatuluka mu 1984. PCL 5 idabwera mu 1990, kenako padatsatira PCL 5e komanso PCL 5c imene imadziwa mitundu. Malangizo ake ndi achidule, pulinta imawagwira msanga, ndipo chifukwa chakuti chilankhulochi chakhala nthawi yaitali, pafupifupi kampani iliyonse yopanga mapulinta a mu ofesi idachiika m'makina ake. Mapulogalamu akale owerengera ndalama ndi malipiro, amene maofesi ena akugwiritsabe ntchito mpaka lero, amatumiza PCL 5 mwachindunji osadzera mwa dalaivala aliyense.

PCL 6, imene imatchedwanso PCL XL, idabwera pakati pa zaka za m'ma 1990. Dzina lake limapusitsa anthu, chifukwa amaganiza kuti ndi PCL 5 yowonjezeredwa pang'ono, pamene zoona zake n'zakuti ndi chilankhulo china chimene chidalembedwa mwatsopano kuti chizigwirizana ndi mmene Windows imajambulira tsamba. Imafulumira pa makalata a Word ndi matebulo a Excel, koma siikhululuka: kachidutswa kamodzi ka ntchito kakasokonekera panjira, pulinta imaleka zonse n'kutulutsa pepala lolembedwa kuti PCL XL error.

PostScript, imene pa dalaivala imalembedwa PS, ndi ya kampani ya Adobe, imene John Warnock ndi Charles Geschke adaikhazikitsa mu 1982. Idatchuka ndi pulinta ya Apple LaserWriter ya mu 1985, gawo lachiwiri lidatuluka mu 1991, ndipo PostScript 3 idatuluka mu 1997. Iyi imafotokoza tsamba m'njira yosadalira makina enieni amene asindikize, kotero kuti chithunzi, chizindikiro cha bungwe kapena mapu zimatuluka mofanana pa mapulinta osiyana. N'chifukwa chake anthu okonza mabuku, mapositala ndi malipoti apachaka amaikonda. Mtengo wake ndi wakuti imafuna memore yambiri ndipo imachedwerapo. Makampani ena, posafuna kulipira Adobe, adalemba yawoyawo yofanana nayo: Brother amaitcha BR-Script, Kyocera amaitcha KPDL. Palinso zilankhulo za kampani imodzi yokha, monga UFR II ya Canon ndi RPCS ya Ricoh, zimene sizimveka pa makina a kampani ina.

Malangizo anga ndi awa. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku ikani PCL 6. Ngati ofesi imasindikiza ma PDF olemera okhala ndi zithunzi, kapena muli ndi makompyuta a Apple, ikaninso dalaivala wa PostScript pambali, kuti pulinta imodzimodziyo ioneke kawiri pa kompyuta ndi mayina osiyana. Palibe choletsa kutero, ndipo zimapulumutsa tsiku limene fayilo ina yakana kudutsa mwa dalaivala woyambayo. PCL 5 muisungire pulogalamu yakale imene singathe kulankhula china chilichonse.

Pulinta imodzi imadziwa bwanji chilankhulo chimene chikubwera, pamene anthu khumi akutumiza ntchito zosiyana?

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti dalaivala amauza pulinta pachiyambi penipeni pa ntchito. HP idapanga chilankhulo china chaching'ono chotchedwa PJL, chimene sichijambula kanthu patsamba koma chimakhala ngati kalata yoperekeza katundu. Ntchito imayamba ndi chizindikiro cha ESC chotsatana ndi %-12345X, chimene chimalamula pulinta kusiya chilankhulo chilichonse chimene idali kugwiritsa ntchito, kenako pamabwera mzere wonga @PJL ENTER LANGUAGE=PCL kapena POSTSCRIPT. M'mizere yomweyo mumakhalanso dzina la ntchito, dzina la wotumiza ndi chiwerengero cha makope.

Njira yachiwiri ndi yakuti pulinta imayang'ana yokha zilembo zoyambirira za ntchito n'kuzindikira. Fayilo ya PostScript imayamba ndi %! ndipo ya PDF imayamba ndi %PDF. Kuti izi zitheke, malo ena a m'menyu ya pulinta ayenera kukhala pa Auto. Pa makina a HP malowa amatchedwa Personality, pa Kyocera ndi Brother amatchedwa Emulation. Ndaonapo ofesi yonse ikuvutika sabata yathunthu chifukwa munthu wina, pofufuza china, adasintha malo amenewa kuwaika pa PCL pokha, ndipo aliyense wotumiza PostScript ankangolandira masamba a malangizo osaphika. Pokhapokha pali chifukwa chenicheni, asiyeni pa Auto.

Pulinta ikutulutsa masamba ambirimbiri okhala ndi mzere umodzi wa zizindikiro zosamveka. Yawonongeka?

Siyinawonongeke. Ikulandira malangizo a chilankhulo chimene siikuchizindikira, ndiye ikuwasindikiza ngati zilembo wamba, ndipo nthawi iliyonse ikakumana ndi nambala imene m'chilankhulo chake imatanthauza kumaliza tsamba, imataya pepala n'kutenga lina. Mtokoma wa mapepala 500 ukhoza kutha musanazindikire.

Choyamba tulutsani thireyi kuti mapepala aleke kutha. Kuzimitsa pulinta pakokha sikuthandiza, chifukwa ntchito yotsalayo ili mu kompyuta ndipo mukayatsanso idzapitirira pakati, pamene palibenso mizere yoyamba ija yonena chilankhulo. Pitani pa kompyuta imene yatumiza, fufutani ntchito zonse zimene zili pamzere, kenako zimitsani pulinta ndi kuiyatsanso. Ntchito ikakana kufufutika pa Windows, imitsani Print Spooler, pulogalamu imene imasunga mzere wa ntchito zosindikiza, chotsani mafayilo a mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, n'kuiyambitsanso. Mukatero funsani chimene chasintha. Kawirikawiri mupeza kuti pulinta yakale idachotsedwa, yatsopano ya kampani ina idapatsidwa adiresi yomweyo, koma makompyuta adatsala ndi dalaivala wakale. Nthawi zina ndi waya wa USB wotha kapena wautali kwambiri umene ukudula ntchito panjira.

Pepala limodzi lokha lolembedwa PCL XL error, kapena mawu a PostScript onga limitcheck ndi VMerror, ndi nkhani ina: chilankhulo n'cholondola koma fayiloyo yalemera kapena ili ndi chilema. Yesani dalaivala winayo, ndipo ngati ndi PDF, sankhani Print as Image mu Adobe Reader kuti kompyuta ijambule yokha tsambalo isanatumize.

Tidagula pulinta yaing'ono yotchipa, koma ikukana kugwira ntchito ndi pulogalamu yathu ya malipiro. Bwanji?

Mapulinta ambiri otchipa samva PCL kapena PostScript n'komwe. Kuti mtengo utsike, opanga adachotsamo kakompyuta kamphamvu kaja, ndipo ntchito yonse yojambula tsamba imachitikira mu kompyuta yanu; pulinta imangolandira timadontho tokonzeka kale. Amisiri amawatcha mapulinta a GDI. HP LaserJet 1020 ndi Canon LBP2900, zimene zadzaza m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'malo osindikizira makalata m'tauni muno, ndi za mtundu umenewu. Ndi makina olimba ndipo sindikuwanyoza, koma amadalira kotheratu dalaivala wawowawo. Pulogalamu yotumiza PCL mwachindunji singalankhule nawo, dalaivala mmodzi amene kampani imapangira mapulinta ake ambiri nthawi zambiri sawadziwa, ndipo tsiku limene kampani yaleka kutulutsa dalaivala wa Windows yatsopano, makina abwinobwino amasanduka chokongoletsa pa tebulo. Musanagule, werengani pepala lofotokoza makinawo pamzere wa zilankhulo, ndipo ngati sipadalembedwe PCL, PostScript kapena PDF, dziwani chimene mukugula.

Chilembo cha ŵ chikuoneka bwino pagalasi koma papepala pakutuluka kabokosi kapena mpata. Tingatani?

Vuto ili ndi lathu lenileni, ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo mabuku a opanga makina salitchula. Mapulinta a PCL ndi PostScript ali ndi mafonti, kapena kuti masitayilo a zilembo, awoawo m'kati, ndipo pofuna kufulumira dalaivala amatha kuuza pulinta kuti igwiritse ntchito fonti yake m'malo mwa imene mwasankha. Magulu akale a zilembo a m'mapulinta, monga Roman-8 ndi PC-8, adapangidwira zilankhulo zikuluzikulu za ku Ulaya ndipo mulibe ŵ, chilembo chimene kunja kwa kuno chimapezeka makamaka m'chilankhulo cha ku Wales. Zotsatira zake, dzina lakuti Malaŵi limatuluka lolumala.

Mankhwala ake ali mu dalaivala. Pezani pamene palembedwa za mafonti a TrueType, ndipo m'malo mwa Substitute with Device Font sankhani Download as Softfont, kapena sankhani kuti zilembo zitumizidwe ngati chithunzi. Mukamapanga PDF yokasindikiza kwina, onetsetsani kuti mafonti alowetsedwa mu fayiloyo. Arial ndi Times New Roman zili nacho chilembochi, koma mafonti ambiri okongoletsa otengedwa pa intaneti alibe. Kachizindikiro kamene timalemba m'mawu onga ng'ombe ndi m'mudzi nakonso kamasokonekera m'mapulogalamu akale, chifukwa Word imakapinda pamene pulogalamu yakale imadziwa kowongoka kokha.

Nanga mapulinta a malisiti ndi aja aphokoso osindikiza makope atatu nthawi imodzi?

Amenewa ali ndi zilankhulo zawo. Aphokoso aja, monga Epson LX-350, amene amamenya riboni ndi timisomali, amamva ESC/P. A malisiti a m'masitolo ndi m'malo ogulitsira mankhwala ambiri amamva ESC/POS, ndipo osindikiza timapepala tomata pa katundu a kampani ya Zebra amamva ZPL. Musawapatse dalaivala wa pulinta ya laser, ndipo ngati alumikizidwa ndi waya wa serial, liwiro lake, monga 9600, liyenera kufanana mbali zonse ziwiri.

Tilumikize ndi USB, ndi waya wa netiweki kapena ndi Wi-Fi?

Ngati wogwiritsa ntchito ndi munthu mmodzi, USB ndi yokwanira, bola wayawo usapitirire mamita 5. Ngati ndi anthu awiri kapena kuposerapo ndipo pulinta ili ndi polowera waya wa netiweki, kokani waya mpaka pa swichi (kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki) kapena pa rauta (kabokosi kogawa intaneti). Waya wotere umafika mamita 100 popanda vuto. Chizolowezi cholumikiza pulinta pa kompyuta ya mlembi ndi USB kenako n'kuigawira ena onse chimagwira ntchito, koma tsiku limene mlembi wapita kumaliro atazimitsa kompyuta yake, ofesi yonse imaima. Kuyambira mu 2021, pamene Microsoft idatseka chiboo chachitetezo chotchedwa PrintNightmare, kugawana kotere kwakhalanso kovutirapo, chifukwa kuika dalaivala wochokera pa kompyuta ina kumafuna chilolezo cha woyang'anira.

Wi-Fi ndimaiika pomalizira. Makoma a njerwa ndi konkire a nyumba zambiri zimene zidasandutsidwa maofesi, ku Area 3 kapena ku Area 10, amafooketsa mphamvu yake, mapulinta ambiri amamva 2.4 GHz yokha osati 5 GHz, ndipo ena akagona posunga magetsi amataya kulumikizana. Komanso pasiwedi ya Wi-Fi ikasinthidwa, aliyense amakumbukira kusintha pa foni yake koma palibe amene amakumbukira pulinta. Musalumikize waya ndi Wi-Fi nthawi imodzi, chifukwa makina ambiri amazimitsa imodzi mwa ziwirizi mosakuuzani.

Magetsi akazima n'kuyakanso, kapena tikasamukira pa jenereta, pulinta imasowa pa makompyuta onse. Chimachitika n'chiyani?

Ili ndilo vuto lalikulu la maofesi a mumzinda uno, ndipo likamveka bwino silibweranso.

Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi adiresi ya manambala, monga 192.168.1.25. Rauta ndi imene imagawa maadiresiwa kudzera m'dongosolo lotchedwa DHCP, ndipo imawabwereketsa kwa kanthawi, osati kuwapereka mpaka kale. Pamene munkaika pulinta pa kompyuta, Windows idalemba adiresi imene pulinta idali nayo tsiku limenelo. Magetsi akazima, marauta ambiri ang'onoang'ono amaiwala amene adamubwereka adiresi iti, ndipo akayakanso amagawa mwatsopano motsata amene wayamba kupempha. Foni ya mlonda ikhoza kutenga 192.168.1.25, pulinta n'kupatsidwa 192.168.1.31, koma makompyuta onse akupitirizabe kugogoda pakhomo lakale. Palinso mtundu wina wa vuto lomweli: pulinta imadzuka msanga kuposa rauta, imapempha adiresi osayankhidwa, ndiye imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254. Mukaona nambala imeneyi, dziwani kuti pulinta siidalankhule ndi rauta; izimitseni, dikirani kuti rauta imalize kudzuka, kenako muiyatse.

Kuti vutoli litheretu, pulinta iyenera kukhala ndi adiresi yosasintha, ndipo pali njira ziwiri. Njira imene ndimaikonda ndi kulowa mu rauta n'kusungira pulinta adiresi inayake pogwiritsa ntchito nambala yake yachibadwa yotchedwa MAC, imene imalembedwa patsamba la makonzedwe a pulinta. Njira ina ndi kulemba adiresiyo pa pulinta penipeni, pamodzi ndi subnet mask, imene m'maofesi ang'onoang'ono imakhala 255.255.255.0, ndi gateway, imene ndi adiresi ya rauta. Mukasankha njira yachiwiriyi, tengani nambala ya kunja kwa gulu limene rauta imagawa, apo ayi tsiku lina idzapatsa laputopu ya mlendo adiresi yomweyo ndipo zonse ziwiri zidzasokonezeka. Kumbukiraninso kuti mukasintha kampani ya intaneti, rauta yatsopano ikhoza kugwiritsa ntchito manambala ena, monga 192.168.8 m'malo mwa 192.168.1, ndipo pulinta yokhala ndi adiresi yolembedwa pamanja idzatsala kunja mpaka mutaisintha.

Kuyesa n'kosavuta. Lembani adiresi ya pulinta mu Chrome kapena Edge monga mmene mumalembera dzina la tsamba la pa intaneti. Tsamba la pulinta likatseguka, njira ili bwino ndipo vuto lili pa kompyuta. Likakana, vuto lili pa waya, pa swichi kapena pa adiresi.

Manambala 9100, 515 ndi 631 amene ndimawaona m'makonzedwe ndi a chiyani?

Adiresi imakufikitsani panyumba, koma nyumbayo ili ndi makomo angapo, amene amisiri amati ma port, ndipo khomo lililonse lili ndi mwambo wake wolandirira ntchito. Khomo la 9100 limatchedwa Raw kapena JetDirect, potsata zipangizo za HP zimene zidalitchukitsa. Apa kompyuta imangotsanulira ntchito popanda mafunso, ndipo ndi limene Windows imasankha mukapanga Standard TCP/IP Port. Khomo la 515 ndi la LPR, njira yakale yochokera ku makompyuta a Unix, ndipo limafuna dzina la mzere, limene pa makina ena likalakwika ntchito imangosowa. Khomo la 631 ndi la IPP, njira yatsopanopo imene imalola kompyuta kufunsa pulinta zimene ingathe, kudziwa pamene ntchito yafika, ndiponso kubisa zimene zikudutsa kuti wina asaziwerenge panjira. Makompyuta a Apple ndi a Linux, amene amasindikiza kudzera mu pulogalamu yotchedwa CUPS, amadalira kwambiri njira imeneyi.

Palinso WSD, imene Windows imagwiritsa ntchito ikadzipezera yokha pulinta pa netiweki. Ubwino wake ndi wakuti imatha kutsata pulinta ngakhale adiresi isinthe, koma m'zimene ndaona ine, ndi imene imabweretsa madandaulo ambiri a ntchito zochedwa ndi pulinta yooneka ngati yazima. Mu ofesi imene pulinta ili ndi adiresi yosasintha, ndimachotsa WSD n'kuika Standard TCP/IP Port. Chofunika kumvetsa n'chakuti khomo ndi chilankhulo ndi zinthu ziwiri zosiyana: PCL ikhoza kudutsa pa 9100 kapena pa 515 mofanana, ndipo kusintha khomo sikuchiza dalaivala wolakwika.

Windows ikunena kuti Offline pamene pulinta ikuyaka ndipo tsamba lake likutseguka. Nanga apa?

Windows imafunsa pulinta za moyo wake kudzera mu njira yotchedwa SNMP, pogwiritsa ntchito mawu olowera amene mwachizolowezi amakhala public. Ngati wina adazimitsa SNMP pa pulinta kapena adasintha mawuwo, Windows siilandira yankho ndipo imaganiza kuti makina azima. Pa kompyuta, pansi pa Ports, lowani mu Configure Port n'kuchotsa chizindikiro pa SNMP Status Enabled, kapena lembani mawu olondola. Onaninso kuti palibe amene adadina Use Printer Offline mwangozi.

Kodi ndingasindikize kuchokera pa foni popanda dalaivala?

Inde, ngati pulinta ndi ya zaka zaposachedwapa. Apple idayambitsa AirPrint mu 2010, ndipo mu 2013 makampani a Canon, HP, Samsung ndi Xerox adakhazikitsa Mopria, imene mafoni a Android amagwiritsa ntchito. Zonse ziwirizi zidamangidwa pa IPP: foni imafuula pa netiweki kufunsa ngati pali pulinta, pulinta imayankha ndi kunena zimene ingathe, ndipo tsamba limatumizidwa ngati PDF, JPEG kapena timadontho ta mtundu umene onse adagwirizana. Kufuulako sikudutsa malire a netiweki imodzi, ndiye foni imene ili pa Wi-Fi ya alendo, kapena imene ikugwiritsa ntchito bandulo ya Airtel kapena TNM, singaione pulinta ngakhale mutaima pafupi nayo. Google Cloud Print, imene ena amaifunsabe, idatsekedwa kumapeto kwa 2020.

Uku ndi kumene zinthu zikulowera ngakhale pa makompyuta. Mu 2023 Microsoft idalengeza kuti pang'onopang'ono idzaleka kufalitsa madalaivala a makampani ena kudzera mu Windows Update, ndipo idzadalira IPP. Amene akugula makina oti akhale zaka zisanu kapena khumi ayenera kuonetsetsa kuti palembedwa Mopria, AirPrint kapena IPP Everywhere.

Pulinta ikupempha pepala la Letter pamene thireyi yadzaza. Ikufuna chiyani?

Ikufuna pepala la ku America. Kuno timagwiritsa ntchito A4, ya mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pamene Letter ndi yaifupi koma yotambalala pang'ono, pafupifupi 216 ndi 279. Kompyuta imene idaikidwa Windows ndi makonzedwe a ku United States imatumiza Letter, pulinta imaona kuti mu thireyi muli A4, ndiye imaima kudikira. Sinthani m'malo atatu: m'chikalata chenichenicho, m'makonzedwe okhazikika a dalaivala, ndi m'menyu ya thireyi pa pulinta. Mukasintha malo amodzi okha, vutolo libweranso mawa. Mafomu otengedwa ku mabungwe akunja nthawi zambiri amakhala a Letter, ndipo pa amenewa sankhani Fit kuti mizere yakumphepete isadulidwe.

Kodi pulinta ingaike zinsinsi za ofesi pachiswe?

Ingathe, ndipo izi anthu amazipeputsa. Tsamba la makonzedwe a pulinta limatsegulidwa ndi aliyense amene ali pa netiweki, ndipo makina ambiri amabwera ndi pasiwedi yodziwika kapena opanda pasiwedi. Ikani yanu tsiku loyamba, zimitsani makomo amene simukuwagwiritsa ntchito monga Telnet ndi FTP, ndipo musalole kuti khomo la 9100 lifikirike kuchokera pa intaneti, popeza silifunsa kuti wotumiza ndani. Mafotokope akuluakulu ambiri ali ndi hard disk imene imatha kusunga zimene zasindikizidwa ndi kujambulidwa, choncho makina obwereka asanabwerere kwa eni ake, pemphani kuti ifufutidwe inu mukuona. Makalata a malipiro, a zachipatala ndi a milandu ya antchito asindikizidwe ndi nambala yachinsinsi, kuti ntchito idikire mu pulinta mpaka mwini wake atafika. Tsopano dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo pepala loiwalika pa thireyi ndi njira imodzi imene uthenga wotere umatulukira.

Tingaike pulinta pa UPS, batire losunga magetsi, kuti isamazime? Nanga yogula kunja yogwiritsidwapo kale ntchito?

Pulinta ya laser musaiike pa UPS yaing'ono ya kompyuta. M'kati mwake muli chipangizo chotenthetsa chimene chimasungunula tona kuti imatirire papepala, ndipo chikamayamba kutentha chimakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi, yoposa imene UPS yotere ingapereke. Pa UPS ikanipo rauta ndi swichi, chifukwa zikapanda kuzima ndiye kuti maadiresi sasokonekera, ndipo pulinta muipatse chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu.

Pa makina ochokera kunja, yang'anani kachitsulo kakumbuyo musanalowetse pulagi. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene pulinta yopangidwira ku America imafuna 120 ndipo ya ku Japan imafuna 100. Mosiyana ndi chaja ya laputopu, pulinta ya laser kawirikawiri imalandira mphamvu ya mtundu umodzi wokha, ndipo ikalowetsedwa molakwika imapsa nthawi yomweyo. Makampani ena amamanganso makatiriji a tona ku chigawo cha dziko lapansi kumene makinawo adagulitsidwa, kotero kuti tona yogula mu Lilongwe ikhoza kukanidwa. Makina otere amabweranso ndi adiresi, pasiwedi ndi makonzedwe a ofesi imene adachokera, ndiye choyamba ndi kuwabwezera pa makonzedwe a kufakitale.

Tisanaitane mmisiri, tikonzekere chiyani?

Sindikizani tsamba la makonzedwe kuchokera pa menyu ya pulinta yeniyeniyo, osadzera pa kompyuta. Limapezeka pansi pa Reports kapena Information. Likatuluka loyera bwino, ndiye kuti makina, tona ndi mapepala zilibe mlandu, ndipo mwachotsa kale theka la zokayikitsa. Patsambalo pali dzina lenileni la makina, adiresi, nambala ya MAC, zilankhulo zimene adaikamo ndi makomo amene ali otsegula. Yerekezani adiresiyo ndi imene ili pa kompyuta pansi pa Ports, kenako funsani ngati vutoli lili pa kompyuta imodzi kapena pa onse, pa fayilo imodzi kapena pa iliyonse. Likakhala pa fayilo imodzi, ganizirani chilankhulo. Likakhala pa kompyuta imodzi, ganizirani dalaivala ndi khomo. Likakhala pa onse, ganizirani adiresi ndi waya.

Ndimapempha ofesi iliyonse imene ndagwiramo ntchito kuti tsamba limeneli alisindikize tsiku limene zonse zikuyenda bwino, alembepo ndi cholembera dzina la dalaivala amene ali pa makompyuta ndi tsikulo, kenako alimate m'kati mwa chitseko cha kabati yapafupi ndi pulinta. Pasiwedi ya woyang'anira isalembedwe pamenepo. Imeneyo isungidwe kwa mkulu wa ofesi mu envulopu yomata.